Phungu womenya mkazi wake asiye mpando

Achimwene, mwafunsa kuti ngati phungu kapena khansala amamenya mkazi wake kunyumba, koma mijigo akukumba, milatho akumanga, pamaliro akufika ndi bokosi ndi thumba la ufa, kodi n'koyenera kumuchotsa pa mpando chifukwa cha nkhani ya m'nyumba mwake. Ambiri amene ayankha kale akuti za m'banja n'za ankhoswe, ife tizingoona chitukuko. Ine ndikuti munthu wotereyu asiye mpando, ndipo ndikunena izi chifukwa cha zimene ndinaona ndi maso angawa.

Mng'ono wanga wa kwa amayi aang'ono anakwatiwa ndi bambo wina amene pambuyo pake anasankhidwa pa udindo. Dera lake sinditchula. Kumenya anayamba kale asanalowe ndale, koma nthawi imeneyo mng'ono wangayo anali nako kothawira. Ankhoswe akaitanidwa ankabwera, n'kumukhazika pansi mwamunayo, kumudzudzula pamaso pa anthu, iye n'kuzyolika. Atangopambana chisankho, ankhoswe omwe aja anayamba kulowa pakhomopo atavula chipewa, pakamwa pali "Olemekezeka". Wina mwana wake ankalipiriridwa fizi ndi bwanayo, wina ankayembekezera kuti dzina lake lilowe m'kaundula wa feteleza wotsika mtengo. Ndani akanadzudzula?

Tsiku lina usiku mng'ono wangayo anagogoda kwathu kuno ku Salima, mwana ali kumbuyo, diso litatupa mpaka kutsekeka, khutu likutuluka magazi. Kutacha tinapita kuchipatala, kenako kupolisi, ku ofesi yothandiza anthu ochitiridwa nkhanza ija timangoti Victim Support. Anatilandira bwino, nkhani inalembedwa. Koma dzuwa lisanalowe galimoto zinayamba kuima pakhomo panga. Kunabwera akuluakulu a chipani, amayi ovala nsalu za chipani, ngakhale malume athu enieni. Mawu awo anali amodzimodzi: "Mayi, mukufuna kugwetsa bwana? Akamangidwa ana adya chiyani? Adani athu atiseka." Palibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa za khutu lija. Patapita masiku anayi mng'ono wanga anapita kukachotsa mlandu, n'kubwerera kubanja.

Chimene chinamutseka pakamwa mng'ono wanga chinali mpando, Achimwene. Ndipo mpandowo tinaupereka ndife, pa mzere wa voti. N'chifukwa chake ndikamva munthu akuti iyi ndi nkhani ya awiri ndimakana. Msodzi wa ku Senga Bay akamenya mkazi wake, a nyakwawa amamuitanitsa ndipo amapita, apolisi akabwera amakwera galimoto popanda woimbira foni aliyense. Phungu akamenya mkazi wake, dera lonse limasanduka mpanda womutchinjiriza, chifukwa aliyense ali ndi kanthu kamene akuopa kutaya.

Boma lenilenilo linasiya kale kuiona nkhaniyi ngati ya kuchipinda. Mu 2006 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo loletsa nkhanza za m'banja. Amene analimenyera nkhondo kwambiri anali Mayi Joyce Banda ali nduna yoona za amayi ndi ana, ndipo iwo eni akhala akunena poyera kuti banja lawo loyamba analithawa chifukwa cha nkhanza, ali ndi ana atatu. Lamuloli limapatsa khoti mphamvu yoletsa wankhanza kuyandikira amene akumuzunza, ngakhalenso kumutulutsa m'nyumba kuti mayi ndi ana atsale mwamtendere. Kumenya ndi kuvulaza munthu ndi mlandu m'malamulo a dziko lino, kaya womenyedwayo ndi mlendo pamsika, kaya ndi mkazi wako. Ena amaganiza kuti phungu samangidwa. Gawo 60 la malamulo aakulu a dziko limangomuteteza pamene akupita ku Nyumba ya Malamulo, ali komweko, kapena akubwerera. Silimupatsa chilolezo chotukula dzanja pa munthu.

Tsono taganizani. Ntchito ya phungu ndi kupanga malamulo ngati amenewa, kuwakonza, ndi kuvomereza ndalama zoti apolisi, makhoti ndi zipatala zigwirire ntchito yothandiza ozunzidwa. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mwa amayi 100 aliwonse amene anakwatiwapo, 42 anachitidwapo nkhanza ndi amuna awo, kaya kumenyedwa, kukakamizidwa kugonana, kapena kuzunzidwa m'maganizo. Amayi amenewa ali ku Khombedza, ali ku Chipoka, ali ku Lifuwu, ali ku Dwangwa. Mayi wotere akafuna womuyankhulira, apite kwa munthu amene mkazi wake wafunda chitenje kumaso kubisa zipsera? Chaka chilichonse kuyambira pa 25 Novembala mpaka pa 10 Disembala timakhala ndi masiku 16 olimbana ndi nkhanza, ndipo mlendo wolemekezeka nthawi zambiri amakhala phungu kapena khansala wa dera. Anyamata athu amakhala pamenepo, ndipo za kunyumba kwa bwanayo amazidziwa. Chimene amaphunzira n'chakuti ukakhala ndi dzina, mkazi ukhoza kumumenya anthu n'kumakuwombera m'manja.

Za chitukuko ndisataye nthawi. Ndalama za chitukuko cha m'dera la phungu, zija timati CDF, ndi za misonkho yathu, sizichokera m'thumba mwa phungu. Akachoka uyu, wobwerayo azipeza pomwepo. Mjigo sungakhale malipiro a nthiti za mwana wa eni.

Pali nkhawa imodzi imene ndikuilemekeza, ndipo bambo wina waitchula m'mayankhomu: ndale za kwathu kuno n'zodetsana, munthu akhoza kunamiziridwa kuti agwe. N'zoona, ndipo sindikuti tizichotsa munthu chifukwa cha mphekesera za pa WhatsApp. Koma pakati pa mphekesera ndi chigamulo pali zinthu zogwirika: kalata ya kuchipatala, nkhani yolembedwa kupolisi, lamulo la khoti loteteza mayi. Zikafika pamenepo, munthuyo ayambe waima pambali pa maudindo a m'chipani ndi m'makomiti mpaka mlandu uthe, kuti asakhale ndi mphamvu yoopsezera mboni. Khoti likamupeza wolakwa, mpando ausiye. Likamupeza wosalakwa, abwerere, ndipo wonamizirayo ayankhe mlandu wake. Izi zikhudze aliyense mofanana, chifukwa aliponso amayi a maudindo amene amazunza amuna awo, ana opeza kapena atsikana antchito.

Vuto n'lakuti malamulo athu pamenepa ali ndi mpata. Gawo 51 la malamulo aakulu a dziko limaletsa munthu kuimira uphungu ngati m'zaka 7 zapitazo khoti linamupeza wolakwa pa mlandu wa kusakhulupirika kapena wa khalidwe lonyansa, ndipo gawo 63 limati phungu amene wagwa m'zoterezi ali kale pa mpando, mpandowo umakhala wopanda munthu. Koma nkhanza za m'banja sizinatchulidwe ndi dzina, ndiye zimatsalira maloya kukangana ngati kumenya mkazi kuli m'gulu limenelo. Ine ndikufuna zilembedwe mosapsatira. Komanso kuti zifike pa chigamulo, mayi ayenera kupirira mlandu mpaka kumapeto, ndipo mwaona mmene zinathera ndi mng'ono wanga. Kale tinali ndi gawo 64, limene linkapatsa anthu mphamvu yochotsa phungu wawo nthawi yake isanathe. Aphungu analichotsa mu 1995, patangopita chaka chimodzi malamulowo atayamba kugwira ntchito, ndipo kufikira lero anthu akhala akulira kuti libwerere. Likanakhalapo, amayi a m'dera akanatha kusaina okha osadikira zaka 5.

Pamene tikudikira zimenezo, zipani zili ndi mphamvu imene sizifuna kuigwiritsa ntchito. Pa chisankho cha chipulula amadziwana bwino lomwe, amadziwa kuti uyu mkazi wake woyamba anachoka bwanji, wachiwiri anagonekedwa m'chipatala chifukwa chiyani. Akhoza kumukaniza chizindikiro cha chipani. Mafumu ndi atsogoleri a mipingo ndi mizikiti akhoza kukana kumukhazika pa mpando wa patsogolo. Ifenso tikamva kukuwa kuseri kwa mpanda wa bwana, tisamati wailesi yakwera. Ndimadziimba mlandu kuti tsiku lija galimoto zitaima pakhomo panga ndinawayalira mphasa anthu aja, m'malo mowabweza pa geti.

Mng'ono wanga anakhalabe m'banjamo zaka zina zitatu. Anachoka chaka chimene mwamunayo anagwa pa chisankho, ndipo amene anabwera kudzamuthandiza kunyamula katundu anali ankhoswe omwe aja, tsopano akuyankhula molimba mtima kuti mwana wathu wazunzika mokwanira. Lero amagulitsa usipa ndi mpunga, ana ake akuphunzira. Khutu lakumanzere silimvanso, moti mukamamuyankhula amatembenuza mutu kuti akumveni ndi linalo.