Funsani Za Malamulo: Kodi Pulezidenti Angachotse Wachiwiri Wake?

FUNSO: Kuno ku Ntcheu timakangana kwambiri pa bawo. Anzanga amati pulezidenti ndiye mwini boma, ndiye akhoza kuchotsa aliyense, ngakhale wachiwiri wake. Ine ndimakana koma ndimasowa umboni. Tithandizeni. Wowerenga wanu, Ntcheu.

YANKHO: Zikomo bambo, ndipo pankhaniyi inu ndi amene mukulondola.

Mphamvu pulezidenti ali nazo zambiri ndithu. Nduna amasankha yekha, ndipo akafuna amazichotsa tsiku lomwelo popanda kufunsa munthu. Ndiye mkulu wa asilikali onse, amasaina mabilu kuti akhale malamulo, amathanso kukhululukira akaidi. Koma wachiwiri wake si nduna. Malamulo aakulu a dziko lino a 1994 amati awiriwa amaima limodzi pachisankho, ndiye voti imene munaponyera pulezidenti munaponyeranso wachiwiri wakeyo. Amene anamulemba ntchito ndi inu ovota, osati bwana wake. Njira yomuchotsera ili pa gawo 86: Nyumba ya Malamulo imuimbe mlandu wophwanya kwambiri malamulo, ndipo magawo awiri mwa atatu a aphungu avomereze.

Anzanuwo muwakumbutse za Cassim Chilumpha. Mu Febuluwale 2006, Bingu wa Mutharika analengeza kuti Chilumpha wadzichotsa yekha pa udindo chifukwa sankabwera kumisonkhano ya nduna. Khoti linakana, ndipo Chilumpha anakhalabe wachiwiri mpaka 2009, ngakhale anamangidwa pa mlandu woukira boma. Joyce Banda naye anachotsedwa m'chipani cha DPP mu Disembala 2010, koma mpando wake wa wachiwiri kwa pulezidenti sanamulande. Bingu atamwalira mu Epulo 2012, ena anayesa kumulambalala, koma malamulo ananena poyera, ndipo mayiyo analumbira pa 7 Epulo. Mu Juni 2022 Lazarus Chakwera anavomera yekha pamaso pa mtundu wonse kuti malamulo sakumulola kuimitsa kapena kuchotsa Saulos Chilima. Chimene anachita ndi kumulanda ntchito zimene ankamutuma.

Apa ndiye pali bala lenileni. Pulezidenti akakwiya amangomukhazika wachiwiri wake pambali, osamutuma, osamuitana, koma malipiro, nyumba ndi alonda zikupitirira ndi misonkho yathu. Zimandiwawa ine. Komabe ndikaganiza za masiku awiri a mantha aja a mu Epulo 2012, ndimaona kuti bola zimenezi kusiyana ndi kulola munthu mmodzi kusankha yekha amene adzalowe m'malo mwake.

Malire ena alipo. Mkulu wa oweruza amasankhidwa ndi pulezidenti, koma aphungu amayenera kuvomereza ndi magawo awiri mwa atatu, ndipo akakhala pampando sangachotsedwe mwachisawawa. Boma la Peter Mutharika litafuna kutumiza Andrew Nyirenda kutchuthi chodikira kupuma mu Juni 2020, khoti linaletsa. Bilu nayo pulezidenti angaibweze ku Nyumba ya Malamulo mkati mwa masiku 21, koma aphungu akaivomerezanso motsata ndondomeko, ayenera kuisaina basi. Ndipo gawo 83 limati munthu alamule matemu awiri otsatizana a zaka zisanu. Mu Julayi 2002 bilu yochotsa malire amenewa, imene ikadatsegulira Bakili Muluzi njira, inagwa m'Nyumba ya Malamulo itapereweredwa mavoti atatu okha.