Magazi oundana aja anayamba liti, ngozi isanachitike kapena itachitika?

Mayi, pepani kwambiri ndi imfa ya bambo. Mwalemba kuti anagundidwa ndi galimoto, mwendo unathyoka n'kuwaika chikhakha, patatha masabata atatu anangokomoka mwadzidzidzi n'kutisiya, ndipo postmortem, kutanthauza kupima mtembo, ikuti magazi oundana anatseka mtsempha wa m'mapapo. Pano a inshuwalansi akukana chipukuta misozi ati magaziwo anaundana kalekale ngozi isanachitike.

Musafooke nazo zimenezo, zoyankhula pakamwa chabe si umboni. Munthu wothyoka mwendo akamangogona osayenda magazi amatha kuundana m'mitsempha ya mkati mwa katumba kapena ntchafu, kenako chibulumwa chimathothoka n'kuyenda mpaka kukatsekereza m'mapapo, izi dokotala wa ku Germany Rudolf Virchow anazionetsa kale m'zaka za m'ma 1800. Ndiye chimene khoti lidzafune kudziwa n'choti chibulumwacho chinayamba liti.

Dokotala wopima mitembo amayamba waona kaye ngati magaziwo anaundana munthu ali moyo. Oundana munthu atafa kale amakhala ofewa, oterera, pamwamba achikasu ngati mafuta a nkhuku ndipo amangosololoka osamatirira ku mtsempha. Oundana ali moyo amakhala olimbirako, amamatirira kumene anayambira, komanso amakhala ndi timizere totuwa tosinthana ndi tofiira, amatitcha mizere ya Zahn. Zikatero amadula kachidutswa limodzi ndi khoma la mtsempha n'kukaika pa maikulosikopu. Sabata yoyamba maselo a magazi amakhala akuonekabe bwinobwino. Kuchokera sabata yachiwiri mpaka cha m'ma sabata 8 maselo a m'khoma amayamba kulowerera m'chibulumwa muja, mumapezeka maselo amene ameza ayironi wa magazi ophwanyika ndipo akathira utoto wa Perls amaoneka a buluu, timitsempha tatsopano timayambanso kuboola. Ikadutsa miyezi iwiri chimasanduka chipsera cholimba.

Apa mumvetse bwino mayi, sayansi imeneyi siitchula tsiku ayi, imangoti pakati pa nthawi yakuti ndi yakuti basi, moti mboni yobwera ndi deti lenileni ine sindiisiya, ndimaipanikiza ndi mafunso. Chinanso chibulumwa chimapitiriza kukula, chimene chinakafika m'mapapo chikhoza kukhala chatsopano pomwe tsinde lake lakale linatsala m'mwendo. Ngati dokotala sanatsegule mitsempha ya m'miyendo ndipo chibulumwa cha m'mapapocho chikuoneka chatsopano, a inshuwalansi alibe poimira ponena kuti anali akalekale, nanga anaona pati?

Ndiye chitani izi msangamsanga. Lembani kalata kudzera kwa loya wanu yopempha lipoti lonse la postmortem osati satifiketi ya imfa yokha, zithunzi ngati anajambula, ndi failo ya kuchipatala kuyambira tsiku la ngozi, muone ngati analemba zoti mwendo unatupa kapena anawapatsa mankhwala oletsa magazi kuundana. M'kalata yomweyo munene kuti tizidutswa tonse anadula aja ndi timagalasi take asataye. Akatiumitsa mu phula timakhala zaka zambiri, ndiye dokotala wina woima payekha akhoza kutionanso popanda kufukula manda, ndipo mukhoza kumubweretsa kukhoti ngati mboni yanu. Akamakanakana, loya apemphe khoti liwalamule kutulutsa. Ngati pali kafukufuku wa khoti wofuna kupeza chomwe chinadzetsa imfayi, a banja mumaloledwa kukhalapo ndipo loya wanu akhoza kumufunsa dokotalayo maso ndi maso kuti anatenga pati kachidutswako, anathira utoto wanji, nthawi akunenayo yayambira pati n'kulekezera pati.

Lipoti la katswiri ndi maganizo a katswiri, chigamulo ndi cha woweruza. Mlandu wa chipukuta misozi sufuna umboni wochotsa chikaiko chonse ngati mlandu waupandu, mukungoyenera kuonetsa kuti mbali yanu ndi imene ikulemera, kuti popanda ngozi ija bambo sakanamwalira nthawi imeneyi. Olo atapezeka kuti anali ndi vuto la magazi kale nkhani siithera pomwepo, wovulaza mnzake sangazembere poti munthuyo anali wofooka kale, bola zioneke kuti kuvulalako ndi kumene kunakolezera vutolo.

Milandu yotere ili ndi malire a nthawi yokasumira ndipo a inshuwalansi akamakuyankhani mozengereza masiku akupita, ndiye loya wanu awerenge nthawiyo pompano ndipo kalata ija ipite sabata ino.