Za Raj Singh, nyumba za okalamba ndi mpira

Mchemwali wina yemwe amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Middlesbrough, ku England, wanditumizira imelo. Akuti agogo ena omwe amawasambitsa m'mawa uliwonse sasiya kukamba za timu ya mpira ya Hartlepool United ndi Raj Singh yemwe adaigula, ndiye akufunsa kuti munthu wa bizinesi ya ma care home amapezeka bwanji ndi timu ya mpira, kodi muli phindu?

Achemwali, phindu mulibe, tiyambire pamenepo. Singh ndalama zake adazipanga ndi kampani yake ya Prestige Group komweko ku Teesside, dera lomwe kuli Middlesbrough, nyumba zosamalira okalamba komanso zomangamanga, ndipo inu mukudziwa kuposa ine kuti bedi likakhala ndi munthu ndalama imalowa sabata ndi sabata, kaya alipira ndi a khonsolo kaya achibale. Mpira wa m'maligi apansi ndi zina, ndalama ya pageti siikwana kulipira osewera ndiye mwini timu amangopisa m'thumba mwezi ndi mwezi.

Adayamba ndi Darlington mu 2009. Timu imeneyi inali ndi sitediyamu ya anthu 25,000 yomwe adamanga mwini wake wakale George Reynolds, koma obwera kudzaonera anali ochepa zedi, mipando mbwee yopanda anthu pomwe mabilu akubwerabe. Mu 2011 adatenga chikho cha FA Trophy ku Wembley atachinya Mansfield 1-0, koma pofika January 2012 timu inalowa mu administration (kuikidwa m'manja mwa akatswiri oyendetsa makampani olephera kulipira) chifukwa cha ngongole, mapeto ake inatsitsidwa madivishoni anayi n'kukayambiranso pansi m'manja mwa masapota. Bala limeneli kwa anthu a ku Darlington silinapole msanga.

Ndiye mu 2018 anagula Hartlepool, yomwe inali itatuluka mu Football League, madivishoni atatu a pansi pa Premier League, mu 2017 ndipo inatsala pang'ono kutha, masapota ankachita kusonkha okha kuti ipulumuke. Apa chilungamo chake munthuyu anaipulumutsa. Mu June 2021 anabwerera mu League Two, divishoni yotsiriza ya Football League, atapambana Torquay pa mapenate ku Ashton Gate, gemu ija goloboyi wa Torquay anagoletsa ndi mutu nthawi itatha kale, agogo anuwo muwafunse za tsiku limeneli muone nkhope yawo. Koma mu 2023 timu inatsikanso, masapota anakwiya, iye n'kulengeza kuti akuigulitsa.

Ine mmene ndimaonera, anthu ngati amenewa amagula timu chifukwa cha dzina ndi chikondi cha dera lawo, pakuti care home ngakhale uiyendetse bwino chotani palibe amene adzaimbe dzina lako pa sitediyamu. Chomwe chimandikhudza n'choti ndalama zotere zimachokera mu ntchito ngati yanuyo, mashifiti a maola 12 kunyamula anthu ndi kuwadyetsa, ndipo ndikadakonda kuti eni mabizinesi onse otere aziyamba aona malipiro a osamalira asanaganize zogula sitiraika. Mawa mukamawapesa tsitsi agogowo muwafunse kuti ankakhala mbali iti pa Victoria Park, sitediyamu ya Hartlepool.