Mwafunsa buku loti likusowetseni tulo

Mayi wina wanditumizira imelo. Akuti anawerenga Gone Girl ndi The Silent Patient, ndipo chimalizireni awiriwa, buku lililonse la zinsinsi ndi zaupandu akalitsekula limangomveka ngati lomwe lija. Akufuna ndiwatchulire atsopano oyenera kutayirapo nthawi. Achemwali, funso lanuli landifika pamtima, ndiye mundilezere mtima, ndiyamba ndazungulira.

Mabuku a zinsinsi ndi zaupanduwa ndinawakonda pa nthawi yowawa. Mayi anga atagonekedwa m'chipatala, gadiyani ndinali ine. Amene anakhalapo gadiyani akudziwa: masana umatanganidwa ndi phala, kuchapa, kudikira adokotala, koma usiku sukucha msanga. Tulo teniteni sungagone poti wodwala akhoza kukuitana nthawi iliyonse. Ndinkayala chitenje pansi, pambali pa bedi, foni ili m'manja, kuwala nditachepetsa kuti ndisadzutse anzanga. Kupemphera ndinkapemphera, koma chimene chinkatulutsa maganizo anga m'wodimo kwa ola lathunthu chinali The Girl on the Train, buku la Paula Hawkins la mu 2015. Hawkins anabadwira ku Harare, anasamukira ku London mu 1989, koma nkhani yake ndi ya ku England yeniyeni: Rachel, mayi woledzera amene banja lake linatha, tsiku ndi tsiku amasuzumira nyumba za eni ali pa windo la sitima. Sindinkafulumira kudziwa amene anapha munthu. Chinandigwira ndi mkazi amene wauzidwa kambirimbiri kuti mutu wake sukuyenda bwino mpaka iye mwini wakhulupirira. Akazi otere ndikuwadziwa, ena ndimapemphera nawo.

Apa ndi pamene pagona vuto lanu. Gone Girl ya Gillian Flynn itatuluka mu 2012 n'kugulidwa ngati mbatata yootcha pa depoti, osindikiza anayamba kusaka mabuku ofanana nayo. Wofotokoza nkhani akhale wonama, banja lizioneka labwino kunja, kumapeto nkhani itembenuke. Flynn anachita izi pofuna kunena zina zake zokhudza ukwati, za anthu awiri amene akhala akunamizana kuyambira tsiku lokumana. Ambiri obwera pambuyo pake anatola kutembenukako, anthu n'kuwasiya.

Ndinene mosabisa: wolemba amene akundilowetsa m'mutu mwa munthu, n'kundiuza maganizo ake onse kupatula chimodzi chomwe munthuyo sangaiwale ngakhale mphindi imodzi, ameneyo sanandipose nzeru, wangondinamiza. Mathero abwino ndi aja ukafika umabwerera m'mbuyo n'kupeza kuti zonse zinali poyera, iwe ndiye sunaone. The Silent Patient ya Alex Michaelides ndinaiwerenga mothamanga ngati wina aliyense. Alicia wawombera mwamuna wake kasanu kumaso kenako wasiya kuyankhula, ndani angaliike pansi? Koma nditalimaliza mtima sunakhale m'malo. Chipatala cha odwala matenda a maganizo chili m'bukumo ngati chokometsera chabe. Ndili ndi msuweni amene wakhala akudwala matenda amenewa kuyambira ali mnyamata. Sanamenyepo munthu. Iye ndi amene amagendedwa ndi ana, iye ndi amene anthu amamuthawa pa maliro. Ndiye ndikaona buku lina ndi lina likumaliza ndi yankho loti wakuphayo anali wamisala basi, ndimapsa mtima. Ndi ulesi, komanso ndi bodza limene limapweteka anthu amoyo. Buku lotero sindidzauza munthu kuti agule.

The Housemaid ya Freida McFadden, ya mu 2022, anthu akuikonda zedi, ndipo sindikuwanena. Millie walembedwa ntchito ya m'nyumba kwa anthu olemera, wapatsidwa kachipinda ka kudenga komwe chitseko chake chimakiyidwa chakunja. Limatha usiku umodzi, koma mawa lake mumtima simutsala kanthu. Chimandiwawa n'choti nkhani ya wantchito wa m'nyumba ndi yolemera kuposa pamenepo. Palibe munthu amadziwa banja kuposa amene amachapa zofunda zake, ndipo palibe amene bwana amamuiwala msanga ngati yemweyo. Ndikulakalaka wina atalemba buku lotere m'Chichewa, nkhani yake ikuchitikira kuseri kwa mipanda ya ku Area 10 kapena ku Namiwawa.

Awiri amene anandibwezera chikondi cha mabukuwa onse ndi a ku Nigeria. My Sister, the Serial Killer ya Oyinkan Braithwaite, ya mu 2018, simabisa wakupha. Mutu wa buku wanena kale. Korede ndi nesi ku Lagos. Mng'ono wake Ayoola, wokongola mochititsa kaso, amapha zibwenzi zake ndi mpeni umene unali wa bambo awo, akatero n'kuimbira mkulu wake kuti abwere adzakolope magazi. Ndiyeno Ayoola akuyamba kuyenda ndi dokotala amene Korede amamukonda chamumtima. Aliyense amene analeredwa ndi mawu oti "ndiwe wamkulu, yang'anira mng'ono wako" nthumanzi yake aimva m'mafupa. Funso lake ndi loti m'bale umamuikira kumbuyo mpaka pati, ndipo wolemba sakukupeputsira.

Lightseekers ya Femi Kayode, ya mu 2021, ndi yolemera kwambiri. Ophunzira atatu a pa yunivesite amenyedwa ndi kuotchedwa ndi khamu la anthu, zonse zajambulidwa pa mafoni. Opha akudziwika. Bambo wa mmodzi mwa anyamatawo akulemba ntchito Philip Taiwo, katswiri wa za maganizo a anthu, kuti apeze chifukwa chake. Nkhaniyi ili ndi mizu pa zomwe zinachitikadi ku Aluu, ku Nigeria, mu 2012, pamene ophunzira anayi a University of Port Harcourt anaphedwa motero atanenedwa kuti ndi mbava. Ife amene tamvapo mfuu ya "wakuba!" mumsika, n'kuona anthu abwinobwino akutola miyala, bukuli sitingaliwerenge ngati nkhani ya kutali. Mantha ake ndi oti m'khamu muja muli aneba.

Tsono oti musake ndi ati?

Kupatula awiriwo, The God of the Woods ya Liz Moore, ya mu 2024: mtsikana wa banja lolemera akusowa pa kampu ya ana ku mapiri a Adirondack, ku America, mu 1975, mchimwene wake atasowanso komweko zaka 14 m'mbuyomo. Ndi lalitali, limayenda pang'onopang'ono, koma silikunamizani. None of This Is True ya Lisa Jewell, ya mu 2023, ngati mukufunabe mkazi wosadalirika koma wolembedwa bwino. The Appeal ya Janice Hallett, ya mu 2021, nkhani yonse ili m'maimelo ndi mauthenga, wofufuza mlandu ndinu nomwe. Mtima ukatopa ndi magazi, The Thursday Murder Club ya Richard Osman, momwe agogo anayi amafufuza milandu ya kupha.

Yambani ndi la Braithwaite, achemwali. Ndi lalifupi, mitu ina ndi tsamba limodzi lokha, Loweruka limodzi likukwanirani. Mukamaliza mundilembere mundiuze ngati zimene Korede anasankha mwagwirizana nazo, chifukwa ine ndi mng'ono wanga mpaka lero tikutsutsanabe.