Mabatani a fomu yanga ya Access sakuyankha

FUNSO: Ndine kalaliki pa sitolo ina yogulitsa zipangizo zaulimi, ndipo ndinapanga database mu Microsoft Access yolembamo katundu wolowa ndi wotuluka. Pa laputopu yanga zonse zimayenda bwino, koma nditaitumiza pa imelo ku kompyuta ya ku ofesi, batani losungira zolemba silikuchita kanthu ndikalidina. Kabokosi kofufuzira dzina la kasitomala nako kakukana, ndipo pa fomu yoonetsa malonda a mwezi sindingathe kusintha nambala ngakhale imodzi. Kodi ndiyambirenso kupanga mafomuwa?
Wowerenga wathu, Kasungu

YANKHO: Akalaliki, musafulumire kufufuta mafomu anu, chifukwa zimene mwafotokozazi zikuoneka kuti ndi mavuto atatu osiyana, ndipo fomu yatsopano ikhoza kudzakana chimodzimodzi ngati gwero lake silinapezeke.

Tiyambe ndi batani, poti mwanena kuti vutolo layamba fayilo itasamuka. Mabatani ambiri mu Access amagwira ntchito potsatira malangizo olembedwa mu VBA, chilankhulo cholembera mapulogalamu chimene chili m'kati mwa Access, ndipo kuyambira pa Access 2007 pulogalamuyi imatseka malangizo amenewa pa fayilo iliyonse imene sikuikhulupirira. Batani limaoneka bwinobwino, limalowa m'kati mukalidina, koma palibe chimene chimachitika. Yang'anani pamwamba pa fomu ngati pali kamzere kachikasu kokhala ndi mawu akuti Enable Content, ndipo ngati kalipo dinani pamenepo. Dziwaninso kuti kuyambira 2022 Microsoft inakhwimitsa zinthu pa mafayilo obwera kudzera pa intaneti kapena pa imelo, moti mwayi wodina Enable Content sumaperekedwanso. Zikatero tsekani Access, dinani fayiloyo ndi batani lakumanja la mausi, sankhani Properties, ndipo pansi pa tsamba la General muchonge pa Unblock. Kuti musamavutike tsiku lililonse, lowani mu File, Options, Trust Center, Trust Center Settings, kenako Trusted Locations, n'kuwonjezerapo foda imene mumasungiramo database yanu. Ndikulangizeni kuti muwonjezere foda imodzi yokhayo, osati Downloads, chifukwa mumagwera chilichonse chochokera kunja ndipo mungatsegulire khomo mavairasi.

Ngati batani likukanabe, tsegulani fomu mu Design View, sankhani batanilo, ndipo pa Property Sheet muone mzere wa On Click. Pamenepo payenera kulembedwa Event Procedure kapena dzina la macro (mndandanda wa malamulo osungidwa amene Access imawatsatira), ndipo ngati palibe kanthu ndiye kuti batanilo silinalumikizidwe ku malangizo ake. Izi zimachitika kawirikawiri munthu akasintha dzina la batani atalemba kale malangizo: batani limene linali Command12 likatchedwa cmdSunga, malangizo amakhalabe pansi pa Command12_Click, kudikirira batani limene kulibenso. Njira yachidule yodziwira zoona ndi kuika mzere wa MsgBox, umene umatulutsa kauthenga pa zenera, koyambirira kwenikweni kwa malangizowo. Kauthenga kakatuluka mukadina, batani lili moyo ndipo cholakwika chili m'mizere yotsatira, mwina chobisika ndi On Error Resume Next, mzere umene ambiri amaukonda chifukwa umatontholetsa mauthenga a zolakwika, pamene kwenikweni umangokubisirani matenda. Uchotseni kaye, kenako mudine Debug ndi Compile pa zenera lolemberamo malangizo a VBA. Mukadali komweko, tsegulani Tools ndi References, muone ngati pali mzere woyamba ndi mawu akuti MISSING, kutanthauza kuti chida china chimene malangizo amadalira chikusowa pa kompyutayo, zimene zimachitika ngati laputopu yanu ili ndi Office yatsopano kuposa ya ku ofesi.

Za kabokosi kofufuzira kasitomala, ndikukayikira kwambiri mzere wa Allow Edits wa fomu yonse. Anthu ambiri amauika pa No pofuna kuteteza zolemba kuti zisasinthidwe mwangozi, osadziwa kuti umatsekanso timabokosi tosankhira ngakhale tosalumikizidwa ku tebulo lililonse. Ubwezereni pa Yes, ndipo timabokosi timene mukufuna kuteteza mutitseke kamodzikamodzi poika Locked pa Yes. Kusiyana kwake n'koonekeratu: kabokosi ka Locked kamalola kuti mulowemo ndi kukopera zimene zilimo koma osasintha, pamene kamene Enabled yake ili pa No kamaoneka kotuwa ndipo sikalola n'komwe kuti mukakhudze.

Fomu ya malonda a mwezi ndi nkhani ina, ndipo mwina siinawonongeke ayi. Ngati ikutenga manambala ake ku query (funso losungidwa lotengera zolemba m'matebulo) yowonkhetsa, yokhala ndi GROUP BY, DISTINCT kapena UNION, Access singalole kusintha, popeza nambala imene mukuiona ndi chiwonkhetso cha mizere yambiri ndipo pulogalamuyo singadziwe mzere woti isinthe. Mukayesa kulemba, yang'anani pansi penipeni pa zenera, pamene pamatuluka uthenga wakuti recordset imeneyo, ndiye kuti gulu la zolemba zimene fomu ikuonetsa, siyosinthika. Kabokosi kamene Control Source yake imayamba ndi chizindikiro cha = nako sikalembeka, chifukwa kamangoonetsa zotsatira za masamu. Nambala yolakwika muikonzere pa fomu yolembera malonda amodziamodzi, ndipo chiwonkhetso chidzasintha chokha.

Koma ngati mafomu onse akukana kulembedwa pa kompyuta ya ku ofesi yokha, fufuzani fodayo. Access ikatsegula fayilo ya .accdb imapanga kafayilo kena ka .laccdb pambali pake, ndipo ngati wogwiritsa ntchito alibe chilolezo cholemba mu foda imeneyo, database imatseguka yongowerenga. Zimakhalanso choncho mukaitsegula mwachindunji kuchokera mu imelo kapena mu fayilo ya zip musanaisunge pa kompyuta.

Zonsezi zikakanika, m'pamene tingaganizire zoti fayilo yawonongeka, makamaka ngati magetsi anazima database ili yotsegula. Koperani kaye fayiloyo pa fulashi, kenako mugwiritse ntchito Compact and Repair Database imene ili pansi pa Database Tools. Zikapanda kutheka, pangani database yatsopano yopanda kanthu, ndipo kudzera mu External Data mukokeremo matebulo, ma query ndi mafomu onse a mu yakaleyo, n'kuyesa fomu iliyonse payokha kuti mudziwe imene yawonongeka, yomwe ndi yokhayo yofunika kuipanganso.