Za kambalame kothamangitsa tinzake pa maluwa

Achemwali, mwafunsa za ka hummingbird, kambalame kakang'ono koyamwa timadzi ta m'maluwa, kamene kalanda maluwa anu ku Indiana, m'dziko la America, kakuthamangitsa tinzake tonse tikayandikira botolo la madzi a shuga, ndipo mukuganiza zongochotsa botololo kuti nkhondo ithe. Musachotse ayi. Kambalameko sikakudwala, ndipo inu simunalakwitse kanthu.

Ka khosi lofiira kameneko ndi kakamuna ka mtundu wa ruby-throated, mtundu wokhawo umene umaswana chigawo chakum'mawa cha North America. Kamalemera magalamu atatu basi. Pouluka mapiko amakupiza maulendo pafupifupi 50 pa sekondi imodzi, mtima nkumagunda mpaka 1,200 pa mphindi. Thupi lotere silichedwa kutha mphamvu, n'chifukwa chake kamadya pafupifupi mphindi 10 kapena 15 zilizonse tsiku lonse. Duwa likayamwidwa limatenga nthawi kuti timadzi tibwereremo. Ndiye kakalola mlendo kudutsa pa maluwa ake, kobwera pambuyo kupeza mouma ndi komweko.

Mawa m'mawa mukhale pa zenera ndi tiyi wanu mukaonetsetse. Kali ndi kanthambi kamodzi, kawirikawiri kouma, kapamwamba, pamene kamaona bwalo lonse. Kamakhala pamenepo mutu uli cheucheu, ngati mwana wolondera anyani pa nsanja ya m'munda. Khosi limaoneka lakuda, koma kakatembenukira ku dzuwa limangoti psuu. Mlendo akafika kamayamba ndi kulira mokalipa, kutambasula mchira, kenako liwiro mpaka kuseri kwa mpanda. Nthawi zambiri zimathera pomwepo, kuvulazana kwenikweni sikuchitika kawirikawiri. Chimene chimandiseketsa ine ndi chakuti pamene mwini malo ali kalikiliki kuthamangitsa mmodzi, wachitatu amatulukira m'masamba, kumwa msangamsanga nkuthawa. Ndiye musade nkhawa kuti enawo akugona ndi njala.

Koma ulonda umenewu uli ndi malire ake, ndipo yankho lanu lagona pamenepa. Kuthamangitsa mnzako kumadya mphamvu. Kambalame kamalondera pokhapokha chimene kakupulumutsa chikuposa chimene kakutaya. Akatswiri awiri, Frank Gill ndi Larry Wolf, anaonetsa zimenezi mu 1975 pofufuza choso wa ku Kenya amene amateteza maluwa a Leonotis. Anapeza kuti timadzi tikachuluka paliponse, choso amasiya ulonda chifukwa palibenso phindu. Choso wathu ndi hummingbird si pachibale, hummingbird amapezeka ku maiko a North, Central ndi South America kokha, koma njala yawo ndi imodzi ndipo nzeru yawo pa nkhaniyi ndi yofanana.

Botolo limodzi pakati pa bwalo ndi losavuta kulondera. Gulani lachiwiri mulipachike kuseri kwa nyumba, pamene kali pa kanthambi kake sikangalione. Ena amapachika mabotolo ambiri malo amodzi kuti alendo achuluke mpaka mlondayo atope, ndipo zimatheka ndithu, koma ine ndimakonda njira yoyambayo chifukwa kutsuka mabotolo ambiri ndi chintchito, ndipo botolo losatsuka ndi loopsa kuposa ndewu. Maluwanso chimodzimodzi: salvia, bee balm ndi cardinal flower muwabzale m'magulu otalikirana, osati pa bedi limodzi.

Mu Ogasiti ndi Seputembala ndewu zimakula, musadabwe. Ana a chaka chino amakhala atatuluka m'zisa, ena akudutsa kuchokera kumpoto, ndipo onse akufuna kunenepa asanapite ku Mexico ndi Central America. Ena amawoloka nyanja ya Gulf of Mexico, mtunda wa makilomita pafupifupi 800, osatera paliponse. Apa tatikazi ndi ana nawonso amamenyera chakudya, si tatimuna tokha. Kanuko kadzayamba kuchoka, chifukwa tatimuna ndi timene timatsogola ulendo.

Mwati mumathira mankhwala ofiira m'madzimo. Amenewo siyani, kufiira kwa botolo kukukwanira. Kapu imodzi ya shuga woyera ku makapu anayi a madzi, osaika uchi kapena shuga wabulauni. Kukatentha muzisintha madziwo pakapita masiku awiri, ndipo akangoyamba kuoneka mbuu tayani, mutsuke bwino timabowo tomwera chifukwa nkhungu imabisala mmenemo. Mankhwala ophera tizilombo pa maluwa muchepetsenso, timbalameti timadya tintchentche ndi akangaude, ndipo ulusi wa kangaude ndi umene tatikazi timamangira chisa.

Za amene akuuzani kuti botolo likakhalitsa mbalame sizisamuka, si zoona. Chimene chimaziuza kunyamuka ndi kufupika kwa masana. Lisiyeni mpaka milungu iwiri itadutsa chionereni komaliza, kwanuko zimafika cha mu Okutobala.