Mafunso a ku Canada pa atsikana a ku Zomba: kumasulira kokha n'kokwanira?

FUNSO

Adokotala, ndili chaka chomaliza ku koleji ya unamwino ndipo risechi yanga ndi yokhudza kadyedwe komanso mmene atsikana a sekondale amaonera matupi awo. A supavaiza anandipatsa mafunso aja amati EAT-26, ofufuza zizindikiro za matenda a kadyedwe, ndawamasulira ndekha m'Chichewa ndipo mnzanga wawaona akuti ali bwinobwino. Ndingowagawa basi? Nthawi yandithera.

Wophunzira, Zomba

YANKHO

Zikomo achemwali, mutu mwasankhawu ndi wofunika zedi ndipo ndi ochepa akuufufuza kwathu kuno. Koma chonde musagawe kaye.

Mafunso amenewa kwawo ndi ku Toronto. David Garner ndi Paul Garfinkel anawatulutsa mu 1979 ali 40, mu 1982 anafupikitsidwa kutsala 26, ndipo anayesedwa pa atsikana a komweko, malo oti chakudya m'nyumba sichisowa. Amene wapeza mapointi 20 kapena kuposa amati akaonedwe ndi dokotala. Ndiye taganizani, limodzi mwa mafunsowo limafunsa ngati munthu amangokhalira kuganiza za chakudya. Mtsikana wa ku boarding amene wadya nsima ya nyemba sabata yonse, kapena wa kumudzi mu Febuluwale nkhokwe itauma, ayankha kuti eya nthawi zonse, ndipo sakunama, koma chomwe mwayeza pamenepo ndi njala osati matenda.

Izi si zongoganizira ayi. Ku South Africa a Daniel le Grange ndi anzawo analemba mu 2004 za achinyamata akuda ochokera m'mabanja osauka omwe anapeza mapointi okwera pa mafunso ngati omwewa, koma atakhala nawo pansi kucheza nawo zinaoneka kuti nkhani inali umphawi ndi kusowa chakudya.

Palinso mafunso oti kodi ena amakukakamizani kudya, kapena amati mwaonda kwambiri. Kwathu kuno ndani sakakamizidwa kudya? Ukafika kwa azakhali amakuwonjezera mtanda usanamalize woyamba, ndipo munthu akakuuza kuti mwanenepatu ndiye kuti wakuyamikira, pomwe kuonda, makamaka kuyambira zaka zija Edzi inavuta, kumabweretsa manong'onong'o. Onjezanipo kusala kudya, kaya kwa kutchalitchi kaya Ramadan poti ku Zomba ndi Machinga Asilamu ndi ambiri, mtsikana akuuzani kuti amapewa kudya ngakhale ali ndi njala koma chifukwa chake ndi pemphero. Mafunso ena ndi a ma calorie, muyezo wa mphamvu ya m'chakudya, zomwe ambiri sanaziwerengepo n'komwe.

Vuto lina ndi lotembenuka, ndipo ine ndi limene limandidetsa nkhawa kwambiri, kuphonya odwala enieni. Ku Hong Kong dokotala Sing Lee anaonetsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 kuti odwala anorexia (matenda odzimana chakudya mpaka kuonda kwambiri) ambiri kumeneko sankanena zoopa kunenepa, ankati m'mimba mwatupa kapena chakudya sichikulowa basi. Mafunso ofufuza mantha a kunenepa okha munthu wotere amamudutsa. Ndipo tisamati awa ndi matenda a azungu. Ku Fiji, komwenso kunenepa kunali ulemu, Anne Becker anayeza atsikana a sukulu ku Nadroga mu 1995 TV itangofika, kenako mu 1998, ndipo odzisanzitsa dala kuti asanenepe anachoka pa 0 kufika pa 11 mwa 100 alionse. Atsikana athu lero ali pa TikTok ndi Instagram, ena akufuna kuonda m'mimba ena akugula mankhwala onenepetsa mahipi, zinthu zoti mafunso a 1982 sakuzidziwa.

Ndiye chochita nachi. Pezani anthu awiri amasulire payekhapayekha, mmodzi wa zaumoyo wina munthu wamba wodziwa Chichewa cholankhula ana a fomu 2, mugwirizanitse ziwirizo, kenako wachitatu amene sanaonepo Chingerezi choyambacho abwezere ku Chingerezi muone pomwe tanthauzo lathawa. Njira yobwezerayi anaitchukitsa Richard Brislin mu 1970. Koma gawo lenileni ndi lotsatira, kukhala pansi ndi atsikana ochepa, mmodzimmodzi, kuwerenga funso lililonse n'kumufunsa kuti wamva chiyani, tanena m'mawu ako, bwanji wasankha yankho limeneli. Apa ndi pomwe njala, kusala ndi azakhali aja zimatulukira. Yang'ananinso mayankho 6 aja, kuyambira nthawi zonse mpaka ayi ndi kamodzi komwe, ngati atsikanawo akuwasiyanitsadi. Ngati mugwiritsanso zithunzi za matupi 9 za Stunkard za 1983, zoyambira thupi loonda mpaka lonenepa, afunseni ngati akudziona m'menemo, poti kaumbidwe kake si ka atsikana athu.

Mukakonza, gawani ku gulu lalikulupo, pakatha masabata awiri mubwereze pa ena mwa omwewo muone ngati mayankho akukhazikika. Kuti munene kuti mafunsowo ndi otsimikizika pamafunika ena mwa atsikanawo, okwera mapointi ndi otsika omwe, aonedwe ndi katswiri wa matenda a maganizo amene sakudziwa zomwe anayankha, ndipo mwina mupeza kuti 20 uja sakugwira kuno. Zoterezi zinachitikapo m'dziko muno, a Robert Stewart ndi anzawo anatero ndi SRQ-20 ya Chichewa, mafunso ofufuza mavuto a maganizo, pa amayi a ana aang'ono mu 2009, pepala lawo likuthandizani kuona ndondomeko.

Za nthawi ndakumvani. Kambiranani ndi a supavaiza kuti risechi yanu ikhale kumasulira ndi kuyesa mafunsowa basi, imeneyo payokha ndi ntchito yokwanira digiri ndipo obwera pambuyo panu adzaigwiritsa. Musaiwale chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku, monga NHSRC, ndi cha makolo poti ambiri sanakwane zaka 18. Ikaniponso mafunso angapo ofunsa ngati kunyumba chakudya chimakwana. Ndipo musanapite kusukuluko mudziwiretu komwe mudzatumize mtsikana amene angakuululireni kuti amadzisanzitsa, kapena kuti wagona ndi njala masiku awiri.